Chigalimoto Chimene Chinakwera Kumanda

Kalekale, koma osati kale lenileni, pakuti magalimoto anali atayamba kale kunenepa, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Chimphanje munali nkhalamba ina dzina lake a Yotamu. Nkhani iyi ndi ya manda a nkhalambayo, ndi anthu atatu amene anawaika pachiswe. Ine ndingoiyala monga inayendera, kugamula ndikusiyirani inu.

A Yotamu anali munthu wa mitengo. Kuseri kwa nyumba yawo kunali nazale, mbande za mbawa, msangu ndi mthethe zili ndandanda m'machubu, ndipo chaka ndi chaka ankazigawa kwa aliyense wofuna, ngakhale kwa aja ankazilandira m'mawa n'kuzisiya padzuwa mpaka zitafota. Sanalemere nayo ntchitoyo. Njinga analibe, galimoto ankakwera ya matola yokha, kumbuyo, pamwamba pa matumba a anthu ena. Anzawo ankawaseka kuti munthu wanzeru amaweta mbuzi, pakuti mtengo sungaukokere kumsika mwana akadwala. Iwo ankangopitiriza kuthirira.

Manda a mudziwo anali paphiri, m'kati mwa msitu wokhawo umene unatsala. Phiri lonse anthu anali atalimeta ndi makala, nkhuni ndi mauvuni a njerwa, koma kumanda nkhwangwa sinkafika. Kumeneko mtengo wamoyo sankadula, munthu ankangotola nthambi yogwa yokha. Njira yopita kumandako inali ya mapazi, yopapatiza, ya makona asanu ndi awiri. Alendo ankati makolo a mudziwo anailambula ataledzera. Koma anaikhotetsa dala. Madzi a mvula akamatsika phiri ankagunda kona iliyonse n'kutha mphamvu, kenako n'kulowa pansi pa mizu. A Yotamu anawonjezerapo ngalande zopingasa phiri, nadzala udzu wa vetiva m'mphepete mwake. Zaka zonsezo phirilo silinatumizepo madzi aukali kumadimba a m'munsi.

Woyamba mwa anthu atatu aja anali phungu wa deralo, a Thombozi. Pa nkhani ya chilengedwe panalibe wowaposa pakamwa. Pa wailesi ankadzudzula owotcha makala, kumisonkhano ankavala malaya obiriwira, ndipo nyengo yodzala mitengo ikafika ankabwera ndi ojambula, n'kugwada pachitenje kuti bondo lisade, n'kudzala mbande imodzi. Malo ake anali amodzimodzi chaka chilichonse, pakuti mbande ya chaka chatha inkakhala itadyedwa ndi mbuzi, lopirira linali dzenje lokha. Ankayendera chigalimoto chimene anthu anachipatsa dzina loti Nkhokwe. Matayala ake ankafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, mipando inali ya anthu asanu ndi atatu, koma nthawi zambiri wokwera anali mmodzi ndi chikwama chake. Pachitseko panali chithunzi cha mtengo wa masamba ambiri. Akamalankhula za mpweya wabwino injini sankazimitsa, kuti m'katimo muzizizirabe pobwerera, ndipo amayi okhala chakumbuyo ankamvetsera za mpweyawo akutsokomola utsi wa dizilo.

Koma ndisawadye miseche mopitirira. Machubu ndi makheni othirira a ku nazale ya a Yotamu ankagula ndi iwo. M'dzinja, msewu ukasanduka phala, chimene chinkafika kumudziko chinali chigalimoto chomwecho, ndipo amayi apakati awiri kapena atatu anafika nacho kuchipatala ali moyo. Munthu akawafunsa chifukwa chimene mtetezi wa chilengedwe ankayendera chinthu chomwa mafuta chotero, ankayankha kuti, "Akonze kaye msewu, ine ndigula kang'onong'ono." Woyenera kukumbutsa boma za msewuwo anali iwo omwe, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye funsolo linkathera pomwepo.

Wachiwiri anali Nangondo, mwana wachisamba wa a Yotamu, mayi wa ana anayi, wolima tomato ndi mpiru kudimba. Ndiye ankasamala bambo ake ataukalamba, kuwatungira madzi a ku nazale, kuwanyamulira khasu pokakonza ngalande zapaphiri. Anali wa mtima wabwino, koma wosafuna kuchepetsedwa. Kuseka kumene anthu ankaseka bambo ake, eniake sankakumva, koma iye ankakusunga konse.

Wachitatu anali Jabesi, mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula maliro. Ntchitoyo anaigwira zaka zoposa makumi awiri, mpaka phewa lake lamanja linatsika ndi mabokosi amene anakwera nawo makona asanu ndi awiri aja. Kumanda mawu ake anali lamulo. Tsiku lina iye ndi anzake anaika makasu pansi chifukwa anamfedwa anawapatsa nyemba m'malo mwa nkhuku, ndipo maliro anadikira mpaka nkhuku inapezeka. Njira yokhotakhota ija Jabesi ankaida, ndipo sankabisa.

A Yotamu anamwalira kumapeto kwa Novembala, mvula itagwa kale kawiri, nthaka itafewa. Masana a tsiku lotsatira Nkhokwe inaima pasiwa. Phungu anatsika, napepesa anamfedwa mmodzimmodzi, kenako anaimirira pamaso pa khamu lonse.

"Abale anga," anatero a Thombozi, "amene agona m'nyumbamu anali bambo wa mitengo yonse ya dera lino. Munthu ngati ameneyu sangapite pamapewa ngati thumba la chimanga. Mawa ndidzawanyamula pa galimoto yanga, chiwongolero ndidzagwira ndekha, ndipo ndikawatula pakhomo penipeni pa nyumba yawo yomaliza."

Ena anaiwala kuti ali pamaliro, anaomba m'manja. Maso onse anatembenukira kwa Nangondo. Iye njira ya kumanda ankaidziwa, anayendamo kuyambira ali mwana. Koma kukana ulemu wa munthu wamkulu pagulu si chinthu chapafupi, komanso, tinene zoona, sanafune kukana. M'maganizo mwake anaona bambo ake, amene moyo wawo wonse anakwera pamwamba pa matumba, akupita pa galimoto yoposa zonse m'deralo, owaseka aja akutsatira pambuyo wapansi. Mtima wake unatsekemera pakati pa chisoni. Anagwada nati, "Zikomo bwana, mwatilemekeza. Ife tilibe mawu."

M'mawa mwake Jabesi anadula nsungwi, nayeza nayo mmene matayala a Nkhokwe anaponda pabwalo. Kenako anapita nayo panjira ya kumanda. Nsungwiyo inakana kudutsa pakati pa mitengo iwiri yoyambirira. Anabwerera kusiwa, naitanira Nangondo pambali.

"A Nangondo, chigalimoto chija panjira yathu sichilowa. Ndipo chitalowa, makona aja sichingakhote."

Nangondo maso anali otupa, ndipo abale ochokera kutali ankamuitana uku ndi uku. Anati, "A Jabesi, za kumanda mumadziwa ndinu. Ine ndavomera kale pamaso pa anthu. Konzani kuti chidutse, musatichititse manyazi."

"Ndikonze?"

"Konzani."

Nkhwangwa sanaitchule, Jabesi nayenso sanaitchule, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti njira siikula ndi manja. Jabesi atafika kumanda anatuma anzake kukatenga nkhwangwa kumudzi. Mmodzi wa iwo anafunsa kuti, "Akulu, mtengo wamoyo, kumanda?" Iye anayankha kuti, "Eni maliro alamula, ndipo mlendo wawo ndi boma."

Dzuwa lisanafike pamutu, mitengo khumi ndi umodzi inali pansi: miwanga, misuku, ndi mtondo umodzi woti anthu awiri sakanaukumbatira. Popeza chigalimoto sichikanakhota, anatema njira yolunjika ngati chingwe, kuchokera m'tsinde mpaka padzenje. Ngalande za a Yotamu anazikwirira ndi dothi ndi nthambi, vetiva n'kumuzula, kuti matayala asagweremo. Jabesi anaima pamwamba n'kuyang'ana njira yatsopanoyo akusisita phewa lake, ndipo amene anali pafupi amati anamwetulira.

Chakumasana maliro ananyamuka. Bokosi linali kumbuyo kwa Nkhokwe, phungu pa chiwongolero monga analonjezera, amayi a kwaya akuimba pambuyo. Pakati pa phiri matayala anayamba kuzungulira pamodzimodzi, kulavulira matope pa zovala zoyera za amayi aja. A Thombozi anaponda moto. Chigalimoto chinabangula, n'kukwera chikukumba, ndipo chitafika pamwamba, pambuyo pake panatsala mizere iwiri yakuya kufika m'bondo. Nyimbo inaduka pang'ono, kenako inapitirira.

Nthawi ya zolankhula itakwana, phungu, amene anali wamfupi, anafunafuna pokwera kuti anthu awaone, nakwera pachitsa chimene chinali pafupi.

"Wodula mtengo ndi mdani wa dziko lino!" anatero mokweza. "Malemuwa atisiyira phunziro. M'dzina lawo, ine ndikulonjeza mitengo miliyoni imodzi m'dera lino!"

Utomoni wa chitsacho unali usanaume, moti unawamata kunsapato. Anthu anauona, koma aliyense anayang'ana kumbali. Potsika phiri chigalimoto chinakumbanso mizere yomwe ija.

Maliro aja anatchuka. Kwa milungu ingapo m'mudzimo munalibe nkhani ina, ndipo aja ankaseka a Yotamu anayamba kunena kuti anali anzawo apamtima. Nangondo anamva zonsezo ndipo mtima wake unakhala pansi. Ankati bambo ake apita ngati munthu.

Mvula ya Januwale inabwera monga imabwerera, sinapose ya zaka zina. Koma madzi a phiri lonse, amene kale ankatopa m'makona, anapeza msewu wowakonzera kale. Mizere iwiri ija inakumana n'kukhala umodzi, umodziwo n'kukhala chigwembe. Sabata yoyamba munthu ankachidumpha. Sabata yachitatu ng'ombe inagweramo n'kubisika mpaka nyanga. Mchenga unakwirira madimba a m'munsi, la Nangondo lomwe. Koma chigwembe sichidya chotsika chokha, chimadyanso chokwera, kugumula mutu wake pang'onopang'ono mvula iliyonse ikagwa. Ndipo msewu uja unkathera pamtumbira wa a Yotamu, pakuti phungu anasunga lonjezo lawo lowatula pakhomo penipeni.

Tsiku limene Nangondo anakwera kukaona, anayeza ndi mapazi ake kuchokera pamutu pa chigwembe kufika pamtumbira. Anali mapazi khumi. Anatsika akulira, ndipo mudzi wonse unadziwa kuti zikapitirira chomwecho a Yotamu apita ndi madzi.

Aliyense mwa atatu aja anayesapo chake.

Jabesi anasonkhanitsa adzukulu, nakhoma zikhomo za nsungwi m'chigwembemo, naunjika miyala ndi matumba a mchenga. Anagwira masiku anayi osapuma, iye mwini akusenza miyala paphewa lotsika lija. Mvula ya tsiku limodzi inazitenga zonse n'kukazitula kumadimba.

Nangondo anazula vetiva yense amene anatsala kuseri kwa nyumba ya bambo ake, namudzala pamutu pa chigwembe. M'mawa uliwonse ankakwera phiri kukabwezeretsa amene wagwa. Koma udzu umafuna nyengo kuti ugwire nthaka, ndipo chigwembe sichinkadikira.

A Thombozi atamva anabwera msanga, mbande chikwi zili kumbuyo kwa Nkhokwe, ojambula akutsatira. Chigalimoto chinalephera kukwera msewu umene chinakumba chokha, ndiye mbande zija, zotalika ngati chala, anazitula m'tsinde. Anayang'ana chigwembe, napukusa mutu mwachisoni, nauza ojambulawo kuti, "Mwaona? Izi ndi zimene ndimanena za kusintha kwa nyengo." Kenako anakwera phiri wapansi, akupuma pa kona iliyonse ya njira yakale, nakaima pamtumbira atavula chipewa. Amene anawaona amati chisoni chawo chinali chenicheni.

Mapazi khumi aja anasanduka asanu, asanu n'kusanduka awiri. Nkhata za maluwa zinagwera m'chigwembe, ndipo mtumbira unachita mng'alu. Abale anagwirizana kuti thupi lisamutsidwe, likagone kumbali ina ya manda mvula ina isanagwe. Dzenje latsopano adzukulu analikumba tsiku lomwelo. Chinatsala n'kufukula lakale, ndipo apa m'pamene panali vuto.

M'mudzimo anali ndi mwambo wawo. Wogona sadzutsidwa popanda kupepesedwa. Manda akati afukulidwe, khasu loyamba amagwira ndi munthu amene wasokoneza tulo ta malemuyo. Amaima kumutu, n'kudzitchula dzina mokweza, n'kunena kuti, "Ndine ndakulakwirani," kenako n'kuponya khasu pamtumbira. Akatero, adzukulu amapitiriza. Khasu limenelo sagwira anthu awiri, komanso munthu sagwirira mnzake. Kuligwira wosalakwa n'kunamiza akufa, ndipo palibe mdzukulu amene angalowe m'dzenje loyambidwa ndi bodza.

Khasulo linali lolemera kwa onse atatu. Mdzukulu akaligwira amasiya udzukulu, sakumbanso manda kapena kudya ndi anzake pamaliro, ndipo Jabesi analibe ulemu wina m'mudzimo kupatula umenewo. Nangondo akanaligwira akanatchedwa mwana amene anafukulitsa bambo ake, dzina loti likanafika mpaka kwa zidzukulu zake. A Thombozi chisankho chinali chaka chomwecho, ndipo pamene pali phungu, mafoni ojambula sasowa.

Anakumana m'mawa, pamtumbira pomwepo, mudzi wonse utazungulira chapatali. Mfumu inalipo, koma tsiku la maliro inali itakwera nawo Nkhokwe, mpando wakutsogolo, ndiye inapempha kuti mlanduwo aunene a Dolika, mlongo wawo wa malemu. A Dolika anali mayi wa mawu ochepa ndi owuma, ndipo mwa atatuwo panalibe amene ankamukondera. Anatenga khasu, naligoneka pansi pakati pawo.

"Alongo anga ali m'mphepete mwa chigwembe," anatero a Dolika. "Ine sindinabwere kudzamva ulaliki. Khasu ndi ilo. Mwini wake alitole."

Palibe anasuntha. Ndiye anawafunsa mmodzimmodzi, kuyambira kwa phungu.

"Mayi," anatero a Thombozi, "ine ndinabwera ndi mtima woyera. Ndinapereka galimoto yanga ndi nthawi yanga kuti mnzanga apite mwaulemu. Alipo pano amene anandimva ndikunena kuti dulani mtengo? Njira ndinaipeza yokonza kale, ine n'kudutsa. Akanandiuza kuti sipadutsika, ndikanaima m'munsi. Ine kuno ndine mlendo, makona anuwo sindinkadziwa ntchito yake."

"Nanga chitsa munakwerapo chija, bwana, munkayesa mpando?"

"Munthu ukamalankhula ndi anthu umayang'ana anthu, suyang'ana pansi."

"Nanga matayala atayamba kukumba, simunamve?"

"Ndinamva. Koma ndikanaima pakati pa phiri ndi maliro, mukanati phungu wataya mtembo panjira."

"Inu mumatiphunzitsa za nthaka pa wailesi," anatero a Dolika. "Kulemera kwa chinthu chanucho mumakudziwa ndinu, ife sitinachikwezepo pasikelo."



A Dolika anatembenukira kwa Jabesi.

"Nkhwangwa inali yanga, sindikana," anatero Jabesi. "Koma nkhwangwa siidzuka yokha. Ndinapita kwa eni maliro, ndinawauza kuti chinthuchi sichilowa. Anati konzani. Walira mvula walira matope. Komanso mitengo yokha sikanakumba chigwembe ichi. Tikanadula n'kunyamula pamapewa, njirayo ikanamera udzu mvula yomweyi. Chimene chinang'amba nthaka ndi matayala, ndipo ine ndilibe ngakhale wilibala."

"Ngalande za alongo anga anakwirira ndi matayala?"

"Tinakwirira ndife, kuti chidutse."

"Inu a Jabesi, munaimitsapo maliro chifukwa cha nkhuku. Chifukwa cha mtondo munalephera bwanji?"

"Tsiku la nkhuku lija kunalibe phungu, mayi."

Anthu ena anaseka, koma a Dolika sanaseke. Anati, "Ndiponso njira yakale ija munkaida." Jabesi anayang'ana pansi, nati, "Amene sanasenzepo bokosi pamenepaja ndiye angaikonde."

Womaliza anali Nangondo.

"Azakhali, ine ndinali wofedwa," anatero. "Munthu wofedwa mutu suyenda bwino, n'chifukwa chake pamaliro pamakhala akuluakulu. Ndinapatsidwa ulemu pagulu, ndikanakana nonse mukanati Nangondo ndi wamwano. Ndinati konzani, sindinati dulani. Malamulo a kumanda amadziwa ndi a Jabesi, galimoto amaidziwa ndi eniake. Ine ndimadziwa tomato."

"Ngalande zija unkakumba nawo ndiwe, iwe mwana. Ntchito yake sunkaidziwa?"

Nangondo anati, "Ndinkaidziwa."

"Ndiye a Jabesi atabwera kwa iwe, unalephera bwanji kunena kuti galimoto ikaime m'munsi?"

"Ndinkafuna anthu awa awaone bambo anga ali pamwamba, ngakhale kamodzi kokha."

Apa panalibe woseka. Ine pofotokoza pano Nangondo ndimamumvera chisoni, koma chisoni changa si chigamulo.

Khamu linagawikana. Ena ankati chiyambi cha zonse ndi chigalimoto, pakuti chikanakhala chaching'ono, kapena chikanapanda kubwera, nkhwangwa ikanagona kumudzi. Ena ankati mphatso siilakwa, wolakwa ndi wolandira mphatso yosakwana pakhomo pake. Enanso ankati phungu ndi mlendo, Nangondo anali wolira, koma Jabesi yekha ndiye anali ndi maso ouma ndi mphamvu yokana. Amayi awiri achikulire anatsala pang'ono kugwirana chifukwa cha nkhaniyi. Mfumu inkangogwedezera mutu aliyense wolankhula.

Ali mkati mokangana, kumwera kunayamba kuda. Mphepo inasintha, n'kubwera ndi fungo la mvula. Kenako chibuma cha dothi chinagumuka pamutu pa chigwembe popanda wochikhudza, n'kugwera pansi ndi vetiva wa Nangondo. Pakati pa chigwembe ndi mtumbira panatsala phazi limodzi.

Nangondo anathamangira khasu. "Basi, ndigwire ine!" anafuula. "Anditchule zimene afuna, bola bambo anga asapite ndi madzi!"

A Dolika anaponda mpini wa khasulo lisanachoke pansi.

"Ukulitola chifukwa mumtima mwako ukudziwa kuti wolakwa ndiwe, kapena chifukwa ndiwe mwana?"

Nangondo anayang'ana phungu, nayang'ana Jabesi. Kunama sanathe. Anati, "Chifukwa ndine mwana, azakhali. Mbali yanga ndaivomera, koma kuti ndine woposa awiriwa, ayi, sindikhulupirira."

"Ndiye lisiye. Alongo anga sananamizepo munthu ali moyo, sitiyamba kuwanamiza lero."

Adzukulu anavomereza, nati dzenje loyamba chotero iwo salowamo. A Thombozi ankayang'ana mafoni amene anali atakwezedwa kale m'mwamba. Jabesi ankayang'ana anzake amene anadya nawo pamaliro zaka makumi awiri. Nangondo anagwada pafupi ndi mtumbira, dzanja lili pamng'alu uja, ngati kuti angaugwirizize. Madontho oyamba anayamba kumveka pamasamba a mitengo yotsala, khasu lili pansi pomwe paja.

Ine ndalekera pomwepa, pakuti mlandu uwu si wanga. Mwamumva phungu wolalikira za mitengo, amene anabweretsa chigalimoto chosakwana panjira n'kukumba nacho phiri, koma osalamula kuti mtengo ugwe. Mwamumva mwana amene anavomera ulemu ndi kunena kuti konzani, akudziwa ntchito ya ngalande za bambo ake. Mwamumvanso mkulu wa adzukulu amene anatema ndi kukwirira atauzidwa, pamene anali ndi mphamvu yokana. Nthawi yozengereza palibe, mvula ndi iyo. Tsono nenani inu: mwa atatuwa, ndani aime kumutu kwa a Yotamu, atchule dzina lake, n'kutola khasu loyamba?